NTHENDA YA GLAUCOMA NDI OPARESHONI YACE

(Nkhani iyi inakambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi akuru a midzi a m'maboma a Machinga ndi Balaka. Aphunzitsi apemphedwa kuti awerengereko anzao amene sadziwa kuwerenga.)



Nthenda ya ng'ala aidziwa anthu onse. Munthu akakalamba kamwana ka diso kamayera ngati mkaka, ndipo akapita ku cipatala dotolo amacotsa ng'alayo, munthuyo naonanso adzukulu ace. Ambiri a ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Phalula anacira cotero, ndipo mbiri yace inamveka m'midzi. Koma pali nthenda yina ya maso imene siioneka kunja, dzina lace glaucoma. Imeneyi ndiyo yobvuta, cifukwa diso limaoneka labwino-bwino, losafiira, losapweteka, cikhalireco liri kufa m'kati.

M'kati mwa diso muli timadzi toyera, tosiyana ndi misozi. Timadziti timapangika usana ndi usiku, ndipo timaturuka podzera pa tinjira ting'ono-ting'ono tonga sefa, m'mphepete mwa mbali yakuda ya diso. Tinjirati tikayamba kutsekeka, madzi amacuruka m'katimo. Akuru a ku Liwonde anamva kwa makolo ao za nthawi imene mtsinje wa Shire unatsekeka ndi mcenga, kuyambira caka ca 1915 kufikira ca 1935. Mitsinje inapitirira kuthira madzi m'nyanja, koma poturukira panalibe, ndipo nyanja inakwera caka ndi caka. Diso la glaucoma liri cimodzi-modzi. Kusiyana kwace ndi kwakuti diso liribe gombe lakuti madzi asefukireko, cotero limalimba ngati thayala la njinga lopopedwa kwambiri, ndipo kulimbako kumapsinja mtsempha umene umatenga zooneka kunka nazo ku ubongo. Timitsempha timene tafa m'menemo sitiphukanso.

Kulimba kumeneku a cipatala amakuchula presha ya diso, ndipo ali ndi kamakina koyesera. Diso labwino limasonyeza pakati pa 10 ndi 21. Odwala ambiri amafika ku cipatala presha itafika pa 30 kapena 40. Alipo ena amene ali nayo nthendayi presha yao isanapitirire 21, ndipo ndico cifukwa dotolo amaunikanso mtsempha weni-weniwo ndi nyali, osakhulupirira nambala yokha.

Kawiri-kawiri zimacitika cotere. Mkuru wa zaka makumi asanu amayamba kupunthwa pa zitsa ndi kugunda mphuthu ya citseko. Njinga yocokera pambali saiona kufikira itamfika pafupi. Koma kalata amawerenga bwino lomwe, cifukwa glaucoma imayamba kudya za m'mbali, zapatsogolo nizitsala. Ndiponso diso limodzi limabisa kulephera kwa linzace. Abale amati ndi ukalamba, ena amati wina wamlodza pa nkhani ya munda, ndipo zaka zimapita ali kuyendera asing'anga. Pomwe afika kwa dotolo, diso limodzi lafa kale, linalo liri kupenya ngati munthu wosuzumira m'bango.

Madotolo a dziko lino afufuza za nthendayi. M'caka ca 2011 Dotolo Khumbo Kalua ndi anzace anasindikiza zimene anapeza atayesa anthu 3,430 a zaka 50 ndi kupitirira, m'maboma asanu ndi awiri a cigawo ca kumwera. Anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse a msinkhu umenewu, atatu anali akhungu. Mwa akhunguwo, pafupi-fupi theka anali a ng'ala, ndipo yaciwiri inali glaucoma, imene inacititsa khungu anthu 16 mwa akhungu 100 ali onse. M'caka ca 2014 Dotolo Petros Kayange ndi anzace analemba za odwala glaucoma amene anafika kwa nthawi yoyamba pa cipatala ca maso ca Lions ku Queen Elizabeth, ku Blantyre. Ambiri a iwo anafika nthenda itapita kale patali.

Tsono kuciza kwace ndi kumodzi: kutsitsa presha. Njira imene anthu aikonda ndiyo ya mankhwala odontheza m'maso, monga timolol, amene anayamba kugwira nchito m'caka ca 1978. Ndi mankhwala abwino, koma afunika kudontheza kawiri pa tsiku, masiku onse, kufikira imfa. Munthu wa ku Chikweo kapena ku Nayuchi, botolo likamthera m'nyengo ya dzinja, mtsinje utadzaza ndipo ndalama ya ulendo palibe, amakhala milungu yambiri wopanda mankhwala, ndipo milungu imeneyo mtsempha uli kufa. Ndiponso wodwala mphumu kapena mtima auze dotolo asanalandire timolol, cifukwa akhoza kumbanikitsa. Abale Acisilamu, amene ndi ambiri kuno, asaleke kudontheza m'mwezi wa Ramadan. Akhoza kudontheza m'mamawa dzuwa lisanaturuke ndi madzulo litalowa, ndipo kawiri pa tsiku kadzakwanira ndithu.

Cifukwa ca mabvuto amenewa madotolo ambiri a mu Africa amati kwa munthu amene nthenda yace yakula, opareshoni ndiyo yopambana. Opareshoni yace dzina lace trabeculectomy, ndipo anaifotokoza Dotolo Cairns wa ku Cambridge m'caka ca 1968. Dotolo amaboola kangalande kakang'ono pamwamba pa diso, pansi pa cikope, kuti madzi azipeza poturukira. Munthu sagonekedwa tulo ai, amangombaya mankhwala oziziritsa diso, ndipo nchito yonse imatha pa ola limodzi kapena kucepera. Ku Britain anayesa odwala 453 amene nthenda yao inali itakula. Ena anayamba ndi mankhwala odontheza, ena ndi opareshoni. Zotsatira zace zinaturuka m'caka ca 2021: patapita zaka ziwiri, a opareshoni presha yao inali pa 12, a mankhwala pa 15.

Koma pali cinthu cimodzi cimene cimasautsa madotolo. Thupi la munthu silidziwa kuti ngalandeyo yakumbidwa dala. Limaiyesa bala, ndipo limafuna kulipoletsa. Cipsera cikamera pamenepo ngalande imatsekeka, presha nikweranso. Zimenezi zimacitika msanga mwa anthu akuda kupambana mwa Azungu. Pofuna kuletsa cipseraco, madotolo amaika mankhwala ena pa balalo nthawi ya opareshoni, monga mitomycin C. Ku South Africa anayesa njira yina pa odwala 450. Theka la iwo anawaika pa diso kacitsulo koturutsa mphamvu yochedwa beta, kwa kanthawi pang'ono, ndipo theka linalo anawaika kacitsulo kopanda kanthu, osawauza kuti ndani walandira citi. M'caka ca 2006 anasimba kuti patapita caka cimodzi, opareshoni inalephera mwa anthu 30 pa 100 amene sanalandire mphamvuyo, koma mwa 5 okha pa 100 amene anailandira. Cobvuta cace cinali cakuti olandira mphamvuyo anacita ng'ala ocurukirapo. Komatu ng'ala amacotsa, pamene mtsempha wakufa palibe wouukitsa.

Ena adzafunsa kuti, cifukwa ninji kugawa odwala pawiri cotere, ngati mbeu za m'munda wacitsanzo? Yankho lace liri m'funso momwemo. Mlangizi akafuna kusonyeza ubwino wa manyowa amabzala mizere ina ndi manyowa, ina popanda, m'munda umodzi ndi mvula imodzi. Popanda kutero, palibe angadziwe ngati cimanga cakula cifukwa ca manyowa kapena ca mvula. Wodwala ali yense amayamba wafunsidwa, ndipo ali ndi ufulu wakukana.

Pali njira yacitatu, ya kuwala kwamphamvu kochedwa laser. Ku Blantyre anayesa mtundu wina wa laser umene umacepetsa kapangidwe ka madzi m'diso, ndipo analemba za izo m'caka ca 2013. Presha inatsika pa milungu yoyamba, koma patapita miyezi itatu inali itakweranso m'maso ambiri. Ku cipatala ca KCMC ku Moshi, m'dziko la Tanzania, anayesa mtundu wina wochedwa SLT, umene umatsegula sefa ija, pa odwala 201. M'caka ca 2021 anasimba kuti patapita caka, laser inathandiza maso 61 pa 100, pamene timolol anathandiza 31 pa 100. Makina ace ndi a mtengo wapatali ndipo sali m'cipatala ciri conse, koma zimenezi ndi zolimbitsa mtima.

Tsopano mau amene afunika kuti mafumu ndi aphunzitsi awamvetse, ndi kukawanena momveka m'midzi. Opareshoni ya glaucoma siibweza kupenya kumene kwatayika. Nchito yace ndi kusunga kumene kwatsala. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri asokera. Agogo awiri amapita pa galimoto limodzi ku Zomba, wina wa ng'ala, wina wa glaucoma. Pobwera, wa ng'ala ali kubvina ndi kuwerenga nkhuku zace. Wa glaucoma ali kupenya monga kale, kapena mwa cimbuuzi pang'ono pa milungu yoyamba. Anthu pamudzi amati dotolo walephera, ndipo wacitatu amene anauzidwa kuti apite mwezi wa mawa amakana. Cikhalireco wa glaucoma uja wathandizidwa kwambiri, pakuti pakutha zaka zisanu adzakhala ali kupita yekha ku munda, pamene wokana uja adzakhala ali kutsogozedwa ndi mdzukulu amene akadakhala ku sukulu.

Ndiponso nchito siithera pa tsiku la opareshoni. Milungu yoyamba ndiyo nthawi imene cipsera cimafuna kumera, ndipo dotolo akaona diso msanga akhoza kumasula ulusi kapena kubaya mankhwala, ngalande nitsegukanso. Cotero masiku amene alembedwa m'buku la cipatala asaphonyedwe, ngakhale diso lisapweteke. Banja liyambe lasonkha ndalama ya maulendo obwereza munthu asanapite. Ndi bwino kugulitsa mbuzi imodzi pa cifukwa cimeneci.

Glaucoma imayenda m'mtundu. Ngati atate, amai, mbale kapena mlongo wa munthu anapezeka nayo, munthuyo ayenera kukayezetsa maso ngakhale ali kupenya bwino, makamaka akafika zaka 40. Wodwala auze abale ace onse a bere limodzi, ngakhale amene ali ku Joni. Anthu aleke kugula mankhwala a m'maso pa msika, cifukwa ena a iwo, amene amaletsa kuyabwa ndi kufiira, amakweza presha akawadontheza nthawi yaitali. Madzi a masamba kapena a mizu asalowe m'diso konse.

Woyamba kumuona ndi wa zamaso pa cipatala ca boma ca Machinga ku Liwonde, kapena pa cipatala ca boma ca Balaka. Iwowo akaona kuti pafunika dotolo wamkuru, adzalemba kalata ya ku cipatala cacikuru ca Zomba kapena ca ku Blantyre. Popita, wodwala atenge buku lace la cipatala ndi mabotolo onse a mankhwala amene wakhala ali kudontheza, ngakhale otha, ndipo apite ndi mbale mmodzi wakumva bwino, kuti mau a dotolo akamvedwe ndi anthu awiri.