Cikombole ca Mphira Coumbira Miyala Yopondapo



Mvula ikagwa, kanjira kocokera ku kalasi kupita ku cimbudzi kamangokhala matope okhaokha. Lero tikamba za miyala ya konkire yopondapo, yooneka ngati fulu, nsomba kapena tsamba la papaya, makamaka za cikombole cake.

Cikombole ca matabwa, conga ca njerwa, cimadziwa ngodya zinai basi. Koma fulu ali ndi mizere ndi mapindikiro, ndipo angatuluke wathunthu m'cinthu cokhaco cimene cimatamuka ndi kubwerera. Cinthuco ndi lateksi, utomoni woyera wa mtengo wa mphira, umene kwao ndi ku nkhalango za Amazon. Umagulitsidwa m'zitini utasakanizidwa ndi amoniya kuti usagwirane. Fungo lake limalasa m'mphuno, motero nchitoyi icitikire panja, pamthunzi.

Poyamba umbani fulu wa dothi pa thabwa, wocindikala masentimita 5. Msana wake ukhale wophwathalala, pakuti adzapondapo ndi mwana wothamanga, mwina ali ndi ndowa pamutu. Mizere ikhale yosazama: yoteroyo imagwira phazi, yozama imasunga madzi ndi ndere. Akauma gwa, mpakeni vanishi.

Nyowetsani bulashi m'madzi a sopo, ndipo pakani lateksi mopyapyala, mukuphulitsa tithovu tonse, cifukwa kathovu kamodzi kadzaoneka pa mwala uliwonse umene mudzaumba. Dikirani mpaka kuyera kuja kusanduke cikasu, ndiye pakaninso. Muzicita cimeneci kakhumi kapena kupitirira, ndipo pakati pake yalani nsalu yopyapyala ya bandeji kuti mphira isang'ambike. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Amathira utomoni wambiri nthawi imodzi, pamwamba pauma, mkati muli phala. Aphunzitsi, nchito imeneyi ipatseni mlungu wathunthu, gulu lililonse la ana ndi tsiku lake.

Musanasende cikombole, ciwazeni paudala kuti cisadziphatike. Cigonekeni cagada m'bokosi la mcenga wonyowa, mutsendere bwino m'mbali, apo ai kulemera kwa konkire kudzacipotoza. Mkati pakani madzi a sopo kapena mafuta a nsatsi. Oilo wa galimoto ndi Vaseline zimadya mphira ya mtundu uwu. Dzuwa ndi mkuwa nazonso zimaiononga.

Sakanizani muyeso 1 wa simenti, 2 ya mcenga wa ku mtsinje ndi 3 ya timiyala, madzi pang'ono cabe. Simenti yonyowa imaocha khungu, cotero osakaniza abvale magolovesi. Thirani, ndi kugogoda bokosi kuti mpweya utuluke.

Patapita masiku 2 cotsani mwala mosamala. Musauike pa dzuwa ngati njerwa ya dothi, pakuti simenti imalimba cifukwa ca madzi amene yamwa. Ufunditseni masaka onyowa kwa masiku 7, ndipo ngati mungapirire, usapondedwe mpaka patatha masiku 28. Pouika pa njira, kumbani pang'ono, yalani mcenga, ndipo mtunda wa pakati pa miyala muuyese ndi mapazi a mwana wa Giredi 1.