Kantchentche ka Usiku ndi Magazi Osanena Zonse

Lero tikambe za kantchentche kotchedwa sandfly. N'kochepa kuposa udzudzu, kutalika kwake mamilimita 2 kapena 3 basi, ndipo kakamauluka simukamva. Kakakazi ndiko kamaluma, kuyambira chisisira mpaka usiku, n'kusiya m'thupi tizilombo ta Leishmania, timene William Leishman ndi Charles Donovan anatifotokoza mu 1903. Tizilomboti tikakhazikika m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mafuta a m'mafupa, munthu amatentha thupi milungu yambiri, amaonda, mimba n'kutupa. Amenewa ndi matenda a kala-azar, ndipo osalandira mankhwala ambiri amamwalira.

Ku Spain, Italy ndi Brazil, tizilomboti timasungika m'thupi la galu, kantchentche n'kumatenga pamenepo kupititsa kwa anthu. Tsono chovuta n'kudziwa galu amene ali nato. Zoyezera magazi zambiri siziona kachilombo kenikeniko. Zimafufuza ma antibody, amene thupi limapanga likakumana nako. Zili ngati kulondola fisi poona mapazi ake.

Galu amene chitetezo chake chikugwira bwino amagonjetsa tizilombo ndi maselo ake, ma antibody amapanga ochepa. Amaoneka wathanzi, ndipo magazi ake akhoza kuonetsa ngati alibe kanthu pamene tizilombo tilimo. Galu amene akulephera ndiye amadzaza magazi ndi ma antibody, koma samuthandiza. Ma antibodywo amaunjikana m'impso n'kuziwononga, ndipo agalu ambiri odwala matendawa amafa ndi impso. Ku Brazil, kwa zaka zambiri boma linkapha agalu potengera zotsatira za magazi. Zimandipweteka mtima kuganiza za mabanja amene anataya agalu awo pamene ena onyamula tizilombo anatsala osadziwika.

Kwa anthu nakonso n'chimodzimodzi. Choyezera cha msanga cha rK39 chimagwira bwino ku India, koma ku Sudan chimaphonya odwala ochulukirapo. Kumpoto chakumadzulo kwa Ethiopia, kumadera a Humera ndi Metema, odwala kala-azar ambiri ali ndi HIV. Chitetezo chawo chatsika, thupi limapanga ma antibody ochepa, ndiye munthu wodwala kwambiri akhoza kuuzidwa kuti alibe matendawa. Wochira naye amakhala ndi ma antibody kwa zaka, kotero matenda akabwerera magazi sangasiyanitse zakale ndi zatsopano.

Palinso kuyeza kwa pakhungu kumene João Montenegro anayambitsa ku Brazil mu 1926. Kumayang'ana mphamvu ya maselo, choncho wodwala kala-azar sikumamuonetsa, kumadzamuonetsa atachira.

N'chifukwa chake madokotala akakayikira amatenga timadzi ta m'mafupa kapena m'kapamba n'kufufuza kachilomboko pa maikulosikopu, kapena amayeza ndi njira yotchedwa PCR. Kuboola kapamba kumafuna dokotala waluso, chifukwa akalakwitsa wodwala akhoza kutaya magazi m'kati.