Bwato loyamba: mawu kwa gulu la achinyamata a ku Cateme



Munthu wodutsa pa msewu wa ku Zóbuè angadabwe atamva kuti ku Cateme, kumtunda kouma kuno, anthu akhala pansi kukambirana za bwato. Ameneyo sakudziwa kumene munachokera. Mabanja oposa 700 anasamutsidwira kuno mu 2009 ndi 2010 pamene kampani ya Vale inkatsegula mgodi wa malasha wa Moatize, ndipo ambiri a ku Chipanga, Mithete ndi Malabwe anakulira pafupi ndi mtsinje wa Revúbuè. Agogo ali panowa mlamba ankaudya osaugula. Choncho pamene mwasonkha ndalama zanu kuti mubwerere kumadzi, ine ndikuti mwaganiza bwino, ndipo ndikufunitsitsa kuti ndalamazo zisamire.

Ndamva kuti ena mwa inu mitima ili pa boti la injini, ngati aja mumawaona ku Cahora Bassa. Ana anga, kuja ndi kunyanja, madzi ake ndi akuya. Inu mukagwira ntchito pa Revúbuè ndi m'magombe a Zambezi, pamene mu Okutobala mchenga umatuluka pakati pa mtsinje, madzi n'kumalekeza m'mawondo. Musanapereke metikali ndi imodzi yomwe, pitani mukauone mtsinjewo mwezi umenewo. Boti la msana wakuthwa limatitimira pamchenga. Injini imakoka madzi oiziziritsa, ndiye pamalo osaya imakokera mchenga womwe, pulopela n'kumagunda pansi. Petulo mudzagula tsiku lililonse, mwapha nsomba kapena ayi.

Zotsala ndi ziwiri: mwadiya wosema, ndi bwato la matabwa lapansi pophwatalala. Mwadiya sindiunyoza, unalera makolo athu. Ndi wotsika mtengo, umalowa m'mabango, ndipo ndi mphondo umayenda paliponse pali madzi. Koma ndi wopapatiza, sumukhululukira munthu wongophunzira kumene, ndipo mitengo ikuluikulu ya mbawa kapena mtondo yosemera wabwino yasowa. Wogulitsa wina amasema mtengo wofewa umene sumaliza zaka ziwiri. Kwa inu amene munakulira kutali ndi madzi, ine ndasankha la matabwa, lotambalala, lokwana anthu awiri kapena atatu ndi ukonde wawo, loyenda ndi nkhafi ndi mphondo. Thabwa likawola, kalipentala wa ku Moatize amalichotsa n'kuika lina. Mphepete mwake mumakhalanso motalikirako, ndipo pamtsinje wa ng'ona ndi mvuu zimenezo si zazing'ono.

Pogula musachite manyazi. Gogodani thabwa lililonse, lowola limamveka. Yang'anani pamene pamatidwa phula lambiri, pakhoza kukhala pobisa mng'alu. Mupemphe mwini wake kuti ligone m'madzi usiku wonse, m'mawa mukaone kuti lamwa madzi ochuluka bwanji. Kenaka ikanimo matumba a mchenga, mukweremo nonse, wina aimirire. Wogulitsa akakana zimenezi, tsanzikanani bwinobwino muzipita.

Madzi osayawa asakupusitseni. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atabwera, Revúbuè yemweyu anagwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Pa Zambezi madzi amatha kukwera kunja kuli ngwee, akatsegula zitseko za damu la Cahora Bassa ku Songo, choncho wailesi muzimvera. Majekete oyandamitsa munthu agulidwe tsiku limodzi ndi bwato. Amayi ali panowa, chonde nkhani iyi muiumirire ndinu.

Tsono pali funso limene limandisowetsa tulo: bwatolo lizigona kuti? Kuchokera kuno kukafika ku Moatize ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Simungalisenze madzulo aliwonse. Pakufunika mbale wokhulupirika wa kumtsinje, unyolo ndi loko, ndi mthunzi, chifukwa dzuwa la Tete limang'amba matabwa. Mugwirizane gawo lake la nsomba bwato lisanagulidwe, ndipo mulembe. Nsombazo nazonso zili ndi ulendo wa pa chapa (minibasi), kotero mchere ndi thandala loyanikira zikhale m'chiwerengero chanu. Chiphaso cha usodzi mukafunse ku ofesi ya boma ya SDAE ku Moatize. Ukonde wa udzudzu usalowe m'bwato lanu. Lamulo limaletsa, ndipo umakokolola tiana ta nsomba za pende timene mukanapha chaka chamawa.

A nyakwawa, ndikupempha kuti musankhe akuluakulu awiri mwa aja anachokera ku Malabwe, odziwa mphondo, aperekeze anawa pa tsiku lokaona bwato, ndipo ndalama isatuluke m'bokosi iwo asanavomere.