KUCOTSA UTOTO WAKALE PA ALUMINIYAMU

Mau a kwa eni nyumba ndi amisiri a ku Manja, mu mzinda wa Blantyre

Masiku ano nyumba zina ku Manja ziri ndi zitseko ndi mafelemu a mazenera a aluminiyamu. Citsulo cimeneci ncopepuka ndiponso sicicita dzimbiri lofiira, koma ncofewa. Kucizindikira nkosabvuta, pakuti maginito agwira pa malata koma sagwira pa aluminiyamu.

Utoto ukayamba kukanganuka, anthu ambiri angopaka wina pamwamba. Uku nkutaya ndalama, cifukwa watsopanowo udzagwa pamodzi ndi wakale. Wakale uyenera kucoka, koma ucoke mwa njira yace.

Pali zinthu zitatu zoyenera kupewa. Coyamba ndi burashi yawaya. Imakanda citsulo, nisiya tizidutswa tace timene timadya aluminiyamu mvula ikagwa. Caciwiri ndi soda waukali wopangira sopo. Amacotsadi utoto, koma amadyanso citsuloco. Cacitatu ndi moto, ndipo ici ndico coopsa kopambana. Mu 2021 kafukufuku anaonetsa kuti utoto wina wamafuta wogulitsidwa m'Malawi unali ndi mtobvu wambiri, citsulo cija ca m'mabatire a galimoto. Utsi ndi pfumbi la utoto wotere ziononga ubongo wa mwana, ndipo iye abvutika kuphunzira kusukulu.

Tsono mmisiri wanzeru acita cotere. Agwira nchito pabwalo, ana ali kutali, atabvala magolovesi ndi kuyala pepala lapulasitiki pansi. Apaka mankhwala ocotsera utoto, okhawo olembedwa pa citini kuti ngoyenera aluminiyamu, nadikira kufikira utoto utatupa. Pamenepo apala ndi kathabwa, osati mpeni. Wotsalira aukwecesa ndi sandipepa wa nambala 180, kenaka 220, akunyowetsa ndi madzi kuti pfumbi lisauluke. Zopalazo azimanga m'thumba, kuti ana kapena nkhuku zisatole.

Atatha kutsuka ndi sopo ndi kuumitsa, apake tsiku lomwelo utoto woyamba umene m'sitolo auchula etch primer. Asagonetse nchito, pakuti mpweya umapanga kakhungu pa aluminiyamu, ndipo utoto wamba sugwira bwino pamenepo. Potsiriza apake utoto weniweni kawiri, mopyapyala.

Nchito iyi ifuna nyengo youma, mvula isanayambe, ndiponso munthu wosafulumira. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.