MALUNGO A MAI NDI NZERU ZA MWANA

Madzulo ano tikambe za nthenda ya misala imene madotolo aicha schizophrenia. Woidwala amamva mau popanda wolankhula, amakayikira abale ace, nadzipatula kwa anthu. Ife tikaona cotere timafulumira kunena kuti walodzedwa. Koma tamverani cimene mbewa zatiphunzitsa.

M'caka ca 1957 mliri wa cimfine unagwa mumzinda wa Helsinki, ku Finland. Mu 1988 akatswiri anapeza kuti ana amene pa nthawi ya mliriwo anali m'mimba, pa mwezi wacinai kufikira wacisanu ndi cimodzi, atakula anadwala misala imeneyi kocuruka koposa anzao.

Pofuna kudziwa cifukwa cace, Paul Patterson ndi anzace a ku California anatenga mbewa zoweta za bere, nazipatsa kacirombo ka cimfine. Zimene anaona anazilengeza mu 2003. Ana a mbewazo atakula anali amantha, osafuna kuyandikira anzao. Mbewa yabwino ikayamba yamva kaphokoso kakang'ono, siidzidzimuka kwambiri likamveka lalikuru. Koma izi zinadzidzimuka monga zosacenjezedwa. Anthu ambiri odwala nthendayi amateronso.

Cozizwitsa ndi ici: pamene anabaya mbewa zina za bere mankhwala ongoutsa thupi kuti limenye nkhondo, popanda kacirombo, ana ao anadzidzimuka cimodzimodzi. Tsono cimene cinasokoneza ubongo wao ndico nkhondo imene thupi la mai linamenya polimbana ndi nthenda.

Mbewa si munthu ai. Amai ambiri odwala ali ndi pakati amabala ana anzeru zao, ndipo misala iri ndi magwero enanso, monga a kumtundu. Komabe m'makomboni mwathu muno, mvula ikadzaza madzi m'njira, matenda amacuruka. Cifukwa cace, abambo, mai wapakati akatentha thupi musadikire kuti kuce kawiri. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo. Azigona m'neti, azimwa madzi owiritsa.

Ndipo ngati mwana wanu wayamba kulankhula yekha, musammange ndi unyolo. Ku Chainama, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1962, kuli mankhwala omthandiza.