Nyamakazi ya Akavalo ndi Abulu: Cenjerani ndi Mankhwala

(Mau amene Mlangizi wa Ziweto anakamba kwa anthu a m'makomboni a Lusaka)

Ena mwa inu a ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere mumagwira nchito yosamala akavalo m'mafamu ozinga mzinda uno. Enanso munasiya abulu kumudzi, amene amakokera makolo anu ngolo. Bulu akayamba kutsimphina, mthenga umafika kwa inu wakuti, "Mwana wanga, tigulireko mankhwala m'tauni." Tsono tiyeni tikambirane za mankhwalawo.

Nyamakazi ndiyo kuperepeseka kwa mfundo za mafupa cifukwa ca ukalamba, katundu wolemera kapena ziboda zosasengedwa. Ciweto cimauma miyendo m'mamawa, makamaka m'cisanu ca June ndi July. Kumbukirani kuti bulu amabisa ululu: amangoima duu, mutu pansi, ndipo mwini amamuyesa waulesi namkwapula.

Nthenda imeneyi siicira. Mankhwala amangocepetsa ululu ndi kutupa, ndipo popeza ciweto cidzawafuna nthawi yaitali, tiyenera kudziwa kuopsa kwace.

Oyamba ndiwo phenylbutazone, amene osamala akavalo amati "bute". Ngotsika mtengo ndipo amagwira nchito bwino. Koma akacuruka, kapena akaperekedwa masiku ambiri, amabutsa zironda m'kamwa, m'cifu ndi m'matumbo, naononganso impso, makamaka ngati ciweto sicikumwa madzi okwanira. Mukaona cikukana kudya, cikutsegula m'mimba kapena catupa kunsi kwa mimba, lekani pomwepo ndi kuitana dotolo wa ziweto. Musawapatse ciweto cimene cidzadyedwa, pakuti otsalira m'nyama angathe kuononga magazi a munthu.

Aciwiri ndiwo firocoxib, amene analoledwa kwa akavalo ku America. Amaperekedwa kamodzi pa tsiku ndipo sabvuta m'mimba monga bute, koma ngokwera mtengo. Aliponso meloxicam. Musaphatikize awiri mwa mankhwalawa poyesa kuti mphamvu icuruke. Cimene cimacuruka ndi ngozi.

Dziwaninso kuti bulu si kavalo wamng'ono. Thupi lace limacotsa bute msanga kuposa la kavalo, cotero muyeso wace ngwina. Munthu wosamala akavalo asatumize kumudzi muyeso umene anauona kwa abwana ace. Dotolo ndiye aone kulemera kwa ciweto, nafune muyeso wocepetsetsa umene ungacithandize.

Nanga mapiritsi a anthu ogula pamsika, monga Brufen ndi diclofenac? Iai, musatumize. Ku India anthu anapatsa ng'ombe diclofenac, ndipo miimba imene inadya mitembo ya ng'ombezo inafa ndi nthenda ya impso mpaka inatsala pang'ono kutheratu. Boma la kumeneko linaletsa mankhwalawo pa ziweto m'caka ca 2006.

Palinso ngozi ina. Ululu ukaleka, mwini amaganiza kuti bulu wacira, namsenzetsa matumba a cimanga monga kale. Pamenepo mfundo zija zimaonongeka msanga koposa. Cifukwa cace citani izi:

1. Cepetsani katundu ndi mtunda.
2. Sengani ziboda pa nthawi yace.
3. Ciweto ciyende pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, cisangokhala comangirira.
4. Khola likhale louma, ndi udzu wogonapo.
5. Madzi asasowe.

Inu a ku Kalingalinga muli ndi mwai, pakuti sukulu ya madotolo a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia iri pafupi nanu. A kumudzi apite kwa wothandiza wa Dipatimenti ya Ziweto wa m'dera lao. Funsani musanagule. Bulu amene wakokera banja lanu ngolo zaka zambiri ayenera kukalamba mosazunzika.