Mvukuto wa injini: zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa kilabu Loweruka

Amene simunabwere, nazi zomwe ndinanena, muwerenge mpaka kumapeto.

Ndani mwa inu anakwerapo lole yodzaza katundu kuchokera ku Golomoti kudzera msewu wa Khwekhwerere? Mwamva mmene injini imalirira, utsi wakuda tolotolo kumbuyo? Chitunda ndi chimodzi, koma palinso china. Tauni yathu ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kumtunda kuno mpweya ndi wopepuka kuyerekeza ndi kunyanja. Injini ili ngati moto wa pa mbaula, popanda mpweya wokwanira mafuta sapsa onse. Injini wamba imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ukakwera mamita 300. Werengani nokha, chigayo cha dizilo ndi njinga yamoto ya kabaza kuno kwathu zikutaya zingati.

Agogo athu osula makasu ankalidziwa vutoli. Moto ukafooka ankaupopa ndi mvukuto. Chimene amakaniko amachitcha supercharger ndi mvukuto womwewo basi, wokankhira mpweya wambiri mu injini.

M'chaka cha 1860, abale awiri a ku Indiana ku America, Philander ndi Francis Roots, analembetsa patenti ya chopopera mpweya chomwe chinkagwira ntchito m'ng'anjo zosungunulira zitsulo. Mu 1885 Gottlieb Daimler wa ku Germany analembetsa nzeru yokankhira mpweya mu injini. Louis Renault wa ku France anabwera ndi yake mu 1902. Kenako mu 1905 Alfred Büchi wa ku Switzerland anaganiza zoti utsi womwe injini imataya ndiwo uzizunguza chopoperacho. Imeneyo ndiye tebo mumaimva m'malole ija. Mu 1918 Sanford Moss anakweza injini ya ndege pa phiri la Pikes Peak, lotalika mamita oposa 4,000, kukayesa tebo pamene mpweya ndi wochepa, ndipo mphamvu zinabwerera.

Tsono mfundo yanga ndi iyi. Mayina awa tikuwatchula lero chifukwa eni ake analemba. Patenti ndi pangano: iwe ufotokoza poyera mmene chinthu chako chimagwirira ntchito, boma likuteteza kuti wina asapange ndi kugulitsa popanda chilolezo chako, m'mayiko ambiri kwa zaka 20. Nthawiyo ikatha, nzeruyo ndi ya aliyense. Ndiye kuti zojambula za anthu onse ndatchulawa ndi zathu tsopano. Mapatenti akale ochuluka ali pa Google Patents, ulere, bola kabandulo.

Nanga ife? Pagalaja pomwe ndimathandizira, tsiku ndi tsiku ndimaona anyamata akusintha zipangizo mwaluso lodabwitsa, koma palibe amalemba. Mmisiri akasamuka kapena kumwalira, luso lapita naye. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina amphepo opangira magetsi ataona chithunzi m'buku la mulaibulale. Wina akanapanda kulemba bukulo, bwenzi zitatheka?

Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, aliyense akhale ndi kope, ajambulemo chomwe akupanga, alembe ndi tsiku. Chachiwiri, musanati "ndatulukira", fufuzani ngati wina sanalembetse kale. Chachitatu, ndipo apa mumvetsetse, ngati chinthu chanu chilidi chatsopano, musathamangire kuchiponya pa Facebook. Patenti amapereka pa chinthu chomwe sichinaonekere kugulu, ndiye malayiki 200 akhoza kukutayitsani umwini. Dziko lathu ndi membala wa bungwe la ARIPO lomwe likulu lake lili ku Harare, kotero njira yolembetsera ilipo.

Loweruka likubwerali ndibweretsa tebo yakufa yomwe abwana anga andibwereka. Tidzaimasula limodzi, aliyense aone mkati mwake. Atsikana, masipanala alipo okwanira, musatisiyire tokha. Mubwere ndi makope anu.